Chigawo cha Chipatala Chimodzi

"Iwe Tsabola, wafufuta chigawo chonse cha kumapiri mu lipoti. Ana a kumeneko katemera sanawafikire mwezi uno chifukwa cha manja akowo."

Anali a Digiri, mkulu wa zowerengera pa ofesi ya zaumoyo, atanyamula pepala m'mwamba ngati agwira mbava. Abwana anali pa desiki lawo, kalata yochotsa Tsabola ntchito ataipsinja ndi chigongono. Inkangodikira kusainidwa.

Dzina limeneli Tsabola sanalitole panjira, pakamwa pake pankawawa ngati tsabola weniweni. Anamulemba ntchito yongolowetsa manambala, koma R, chilankhulo cholembera mapulogalamu owerengera, anachiphunzira yekha pa foni yosweka galasi, mpaka pulogalamu ya lipoti la katemera analemba ndi iyeyo. Pepala la kukoleji analibe, ndipo a Digiri sankalola kuti tsiku lipite asanamukumbutse.

 Tsabola anakoka laputopu, n'kuitembenuzira kwa abwana.

"Bwana, musanasaine, onani kaye. Mu tebulo lathuli mzere uliwonse ndi chipatala, miyezi ili chopingasa. Pulogalamu imatapa mizere ya chigawo chimodzi, n'kumayenda pa mayina a zipatala limodzilimodzi."

"Sitinabwere kusukulu pano," anatero a Digiri.

"Mukanabwera bwenzi zili bwino."

Abwana anakhosomola. "Tsabola, pakamwa. Pitiriza."

"R ali ndi kakhalidwe kake. Ukatapa mizere iwiri kapena khumi, amakupatsa tebulo. Ukatapa umodzi wokha, amati limeneli si tebulonso. Amaliphwasula, n'kukupatsa manambala ondondozana basi, dzina la chipatala litagwera panjira. Pulogalamu ikafuna mayina imapeza kulibe, ndiye imadutsa mwakachetechete, osadandaula n'komwe. Kumapiri kuli zipatala zingati?"

"Chimodzi," anayankha abwana pang'onopang'ono.

"Basi. Mankhwala ake ndi mawu awiri, drop = FALSE. Kumuuza kuti iwe, ngakhale watsala mzere umodzi, tebulo lisiye likhale tebulo."

Anawalemba pomwepo, n'kudina. Chigawo cha kumapiri chinatulukira pa sikirini, ana ake onse ali momwemo.

A Digiri anaseka kukhosi. "Ndiye waulula wekha. Unaiwala kuwalemba. Zophunzira pa foni zimathera pomwepa."

Tsabola ankayembekezera zimenezo. Anatsegula mbiri ya pulogalamuyo, momwe mumalembedwa aliyense amene wasintha kanthu, ndi tsiku lake.

"Miyezi isanu ndi inayi lipoti lakhala likutuluka lathunthu, chifukwa mawuwo analimo. Ndinawaika ndine. Onani Lachiwiri lapitali. Wina anawachotsa pa malo atatu, n'kulemba pambali kuti 'kusesa zinyalala za ophunzira.' Bwana, dzina lili pamenepolo ndiwerenge ine, kapena muwerenga nokha?"

Abwana anavala magalasi, n'kuwerama. A Digiri anayamba kukonza tayi yomwe inali kale bwinobwino.

"Pulogalamu ya katswiri imakhala yaifupi," anang'ung'udza. "Komanso nkhanizi tingakambirane patokha, mwana iwe."

"Patokha ayi. Munandinyoza pagulu, chitseko chili pululu." Tsabola anaimirira, n'kuloza kalata ija. "Iyo isang'ambidwe, bwana, dzina lokha ndi limene lalakwika. A Digiri, ana a kumapiri mwawasesa ngati zinyalala ndinu kapena si inu? Yankhani pompano, abwana akumva."