Kapepala ka mu dilowa ya masokosi

Mwana wanga wamkazi amamva ndi timakina ta m'makutu, ndipo timakinato timachunidwa pa foni. Tsiku lina pulogalamu yochunira inakana kutseguka, ati foni yanga yakalamba. Timakina tinatsalira pa mawu otsika, mwana n'kumangondiyang'ana pakamwa ndikamalankhula.

Ndinapita nayo kwa alamu anga okonza mafoni, pa kabenchi kawo kodzaza timawaya.

"Foniyi ilibe vuto, mlamu," anatero. "Akampani anangosiya kuitumizira zatsopano. Ine ndikhoza kuikamo, koma ndikufunika zolemba za kenelo."

"Za chani?"

"Mtima wa pulogalamu yoyendetsa foni, umene umalankhula ndi zitsulo za m'katimu. Akampani anautenga kwa anthu oupereka ulere, koma pali lamulo: ukausintha n'kugulitsa, wogula akapempha zolembazo umupatse. Lonjezo lake limakhala pa kapepala ka m'bokosi. Nanga ndani amasunga zimenezo?"

"Mukundidziwa bwino inu?"

Ine sinditaya pepala. Kapepalako ndinayala kalekale pansi mu dilowa ya masokosi. Sukulu ndinalekera panjira, koma manambala sandiphonya: lonjezo linali la zaka zitatu, ndipo kunatsala masiku khumi ndi awiri.

Ndinalembera akampani imelo mwana ali pamiyendo. Anayankha kuti zikomo, yesani kuzimitsa n'kuyatsanso. Ndinajambula kapepalako n'kuwatumizira. Anafunsa kuti zolembazo ndikufuna kutani nazo. Ndinati pepala lanuli silinafunse zimenezo. Patatha sabata anatumiza.

Alamu anayamba kuwomba m'manja. Ine ndinasuzumira pa kompyuta yawo.

"Imani kaye. Nambala iyi yathera 4. Kuseri kwa foni yanga kwathera 7."

"Aa, mlamu, mafoni amenewa ndi a mimba imodzi."

"Inunso ndi amuna anga ndinu a mimba imodzi. Nsapato zawo zimakukwanani?"

Anakanda mutu n'kuvomera kuti zikanapha foni. Ndinalembanso, osapepesa. Zolondola zinafika litatsala tsiku limodzi.

Alamu analimbana nazo masiku awiri, akung'ung'udza ngati wowawa dzino. Tsiku lachitatu pulogalamu yochunira ija inatseguka. Ndinakweza mawu a timakina kufika pamene adokotala anandilembera, ndinaima kumbuyo kwa mwana n'kugwetsera supuni mu sinki.

Anatembenuka atakwinya nkhope.

"Amayi, phokoso!"

Kapepalako ndinakabwezera pansi pa masokosi.