Khofi Sawerenga Buku

Khofi woyamba kumapiri kuja akanafa ndi khasu asanamere n'komwe.

Siteshoni ya kafukufuku inali chipinda chimodzi, tebulo, sikelo ndi mabedi khumi a nazale ophimbidwa ndi udzu. Mbewu zinabwera kathumba kamodzi basi. Wofesa ndi kuthirira anali mayi wina amene anzawo ankangowatchula kuti a Keni, poti keni yothirira sinkachoka m'manja mwawo.

Masabata asanu ndi limodzi anatha, pamabedi pali zii. M'mawa wina bwana wa kafukufuku anatuluka ndi buku lake m'khwapa.

"Mayi, nthawi yomwe buku likunena yakwana. Galauzani mabediwa tifesemo paini. Ndilembera akuluakulu kuti khofi wakana kuno."

"Wakana? Wakuuzani yekha?"

"Buku likuti..."

"Bukulo analembera kwawo kotentha. Kuno inuyo mumafika dzuwa litakwera, majuzi awiri pathupi. Ndiye mbewu yogona m'dothi lozizira idzuke msanga kuposa inu?"

Amuna awiri olima pasiteshonipo anaseka chobisa. Bwana anawalozera makasu. A Keni anaika keni pansi, nakhala pamutu pa bedi loyamba, miyendo tambalale.

"Muyambe kugalauza ineyo."

"Ntchito ikutherani, mayi."

"Ithe. Kodi ndinabadwa nayo?"

A Keni nawonso anali asanaonepo khofi akumera. Chimene ankadziwa n'chakuti mbewu yowola imanunkha, ndipo mabedi awo sankanunkha. Anapisa chala m'dothi, natulutsa kambewu kamodzi. Kunsi kwake kunali kamuzu koyera, kakafupi ngati dzino la khanda.

"Onani. Mwandiphetsa imodzi. Zinazi ayi."

Bwana anavula magalasi, anapukuta, n'kuvalanso.

"Tidikire masabata awiri," anatero.

"Atatu."

"Mayi inu!"

"Atatu, bwana. Kalatayo siola."

Sabata lachitatulo, timitengo tinadzuka m'mizere, kalikonse katasenza mbewu yake pamutu ngati chisoti cha msilikali. Bwana ananjuta pakati pa mabedi, buku pabondo. Anafufuta nambala ya masabata yosindikizidwa m'bukumo, nalemba yake m'mphepete.

"Mayi, ndilembe kuti anamera tsiku liti kwenikweni?"

"Lachiwiri. Mukamaliza mudzuke pamenepo, mwakhala panjira ya madzi."