Zipi ya Chimatope

Thawat anakhwatcha mzere wina, cholembera mpaka kuboola pepala.

"Achimwene, mwatsala pang'ono kukhwatcha ndi dzina la bambo lomwe," anatero mlongo wake Kanlaya, yemwe ankasenda adyo wa kumaliro pa benchi la pansi pa nyumba yawo yomangidwa pamwamba pa nsanamira. "Ndinalemba masamba anayi. Mwasiyapo chiyani?"

Thawat anawerenga mokweza ngati ali m'kalasi. "Bambo Bunchuai anabadwira ku Nong Sano, m'chigawo cha Suphan Buri. Anali mlimi wa mpunga, munthu waulemu, wokonda kachisi. Asiya mkazi ndi ana awiri."

"Basi?"

"Basi."

"Ndiye ameneyo ndi bambo a ndani? Anga ine mpunga ankaudziwira m'mbale."

Kwathu kuno munthu sitimuperekeza chimanjamanja. Tsiku lowotcha mtembo, aliyense wobwera amalandira kabuku: chithunzi cha malemu pachikuto, mbiri yake mkati. Phulusa likapita kumtsinje, chotsala m'nyumba za anthu ndi kabukuko. Kulemba ndi udindo wa mwana woyamba, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya. Wosindikiza wa m'tauni anali atanenetsa kuti mawu ndi chithunzi zifike tsiku lomwelo folo koloko isanakwane, apo ayi anthu adzabwerera opanda kanthu.

Vuto linali loti a Bunchuai sanali mlimi. Anali Chimatope, chilombo cha m'dambo, m'mafilimu makumi awiri ndi atatu.

Tinene zoona, poti mwini wake wagona ndipo sangatithamangitse: mafilimuwo anali oipa. Maso a chilombocho anali magalasi a tochi. Magazi anali madzi ofiira a shuga aja timathira pa ayisi, moti mtembo wogona m'udzu umayamba kudzikanda chifukwa cha nyerere. Munthu mmodzi ankafa katatu m'filimu imodzi, kumangosintha chipewa. Chimatope ankayenda pang'onopang'ono kwambiri, mwakuti mtsikana wothawa ankayenera kugwa kawiri kuti amupeze. Koma chachikulu chinali zipi. Chilombo chikangotembenuka, nayo kumsana, kuchokera pakhosi mpaka m'chiuno, yowala ngati njanji, ndi kachingwe kofiira kali lendelende.

"Dziko lonse linkaseka zipi ija," anatero Thawat. "Iwe unali wamng'ono. Ine kusukulu ankandigwira kumsana, ati tione ngati mwana wa Chimatope naye amatseguka. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikuyenda chotsamira khoma."

"Ankaseka, inde. Koma ankachoka? Chinsalu chikapachikidwa pabwalo la kachisi, ndani ankatsala kunyumba?"

"Anthu amaunjikananso pomwe galu wagundidwa ndi galimoto."

"Aphunzitsi inu! Dambo linali lenileni. Matope enieni, misundu yeniyeni, Amayi ankachita kuwachotsa ndi fodya m'miyendo. Ndipo Chimatope ankadya ndani? Okwirira dambo kuti amange fakitale. Othira mankhwala m'madzi. Anadyapo mwana? Anadyapo wosauka? Akamafa kumapeto, akuyang'ana madzi ake, azimayi ankalira mpaka mamina. Ukaipa dziwa nyimbo, achimwene, ndipo bambo nyimbo ankaidziwa."

Thawat anatseka cholembera. Anapinda pepala lake n'kuliika m'thumba la malaya. Anali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu pasukulu ina ya mumzinda, ndipo kwa zaka makumi awiri anzake onse ankadziwa kuti ndi mwana wa mlimi. Bambo ake ankawakonda, zimenezo munthu asakayike. Chomwe sankatha ndi kuwatchula.

Thawat anafika kukachisi amonke atamaliza kudya, anthu akugawana mpunga ndi nsomba za tsabola pamphasa. Bokosi linali pamalo pake pakati pa maluwa, utsi wa lubani ukukwera. Ndipo pampando wa kutsogolo, atanyamula nkhata ya maluwa yochokera kusukulu, panali mayi Ratchani, mphunzitsi wamkulu, omwe Thawat ankawayembekezera tsiku lowotcha, osati lero. Pambali pawo, ngati kuti tsoka lasankha lokha mpando, panali a Prayun.

A Prayun ndiwo anajambula mafilimu onse aja. Tsopano anali nkhalamba ya diso limodzi loyera, koma pakamwa panali pasanakalambe.

"Uyu ndiye mwana wa chilombo changa!" anafuula. "Bwera kuno, iwe. Ndikuwauza abwana akowa za tsiku lomwe njati inathamangitsa bambo ako ali m'chovala. Chimatope, woopsa wa dambo lonse, kukwera mtengo wa mango!"

Mayi Ratchani anali atagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. "A Thawat, bwanji simunanenepo? Ine ndinaonera ndili kamtsikana. Ndinabisala m'chitenje cha agogo, kenako chilombo kutembenuka, ndikuona zipi! Ndinaseka mpaka kutsamwa chimanga chokazinga."

Thawat anamwetulira kumwetulira kwa pamaliro.

"Zipi imeneyo inandiphera mafilimu," anatero a Prayun, akumenya ndodo pansi. "Ndinamupempha. Ndinamukalipira. Ndinayesa kumujambula kutsogolo kokha, iye dala n'kutembenuka. Filimu iliyonse, kamodzi kokha, koma atembenuke basi. Anabwera akuluakulu a ku Bangkok, ati munthu uyu amayenda m'madzi ngati anabadwiramo, timutenga, timusokera chovala chosaoneka msoko. Anawafunsa funso limodzi: zipi ioneka? Ati ayi. Iye ati ndiye pitani bwino." Mkuluyo anapukuta diso lake labwinolo. "Chitsiru cha munthu. Zaka makumi atatu m'matope, osadandaula n'kamodzi komwe. Ndani andikwiyitsenso tsopano?"

Thawat anapepesa n'kutuluka. M'njira anadziuza kuti wamvetsa: zovala zonse ankasoka ndi amayi ake, ndipo bambo sankafuna kuti ntchito ya mkazi wawo inyozeke. Zinamukhudza, koma sizinasinthe kanthu. Anthu aseke pamphasa ngati akufuna, m'kabuku sasekamo. Anangotsala kukatenga chithunzi cha bambo ake atavala jekete loyera la paukwati wa Kanlaya.

Kunyumba anapeza amayi ake, a Lamai, ali pamakina osokera pafupi ndi zenera, akupinda m'mphepete mwa nsalu zoyera zokapereka kukachisi. Chiyambire maliro anali asanalire pagulu. Ankangosoka.

"Chithunzi chili m'kabati," anatero osadzutsa mutu. "Kanlaya wandiuza kuti amuna anga asanduka mlimi."

"Amayi, n'kuwalemekeza. Ndi inu nomwe. Ndamva kwa a Prayun kuti bambo ankakutetezani pa nkhani ya zipi ija. Silinali vuto lanu. Nthawi imeneyo zipangizo zinali zosowa, ndiponso mphira ndi wovuta kusoka..."

Makina anaima.

"Wati chiyani?"

"Ndikuti palibe amene angakunenereni kuti..."

"Ine? Ine Lamai, amene ndasoka madiresi a ukwati a chigawo chonse chino, ndilephere kubisa zipi? Pita kwa mkazi wa dokotala ukafufuze diresi lake. Ukaipeza zipi ndikupatsa makinawa."

Anadzuka ndi ukali womwe Thawat anali asanauone chimwalirire bambo ake, n'kukoka chitini chakale cha mabisiketi pansi pa bedi. Anachikhuthulira pamphasa. Munatuluka timizere ta nsalu yobiriwira, totalika ngati mkono, topakidwa mphira, tina titauma n'kuchita ming'alu. Kalikonse kanali ndi mamba osokedwa limodzilimodzi, mwaluso lochititsa kaso. Ndipo kalikonse kanali kodulidwa mokhotakhota mbali imodzi.

"Zophimbira zipi," anatero a Lamai. "Chovala chilichonse ndinkasokerapo. Ukachitseka, ngakhale nsabwe siikanapeza polowera. Bambo ako ankadikira ndipite kumsika, n'kutenga sizasi yanga yabwino, kudula. Onatu kudula kwake, ngati yadya mbuzi. Ine kusoka, iwo kudula. Tinakangana zaka makumi atatu."

"Chifukwa chiyani?"

Amayi ake anamuyang'ana. Ukali uja unaphwa. Anakhala pansi pang'onopang'ono, atagwira bondo.

"Sukukumbukiradi. Unali ndi zaka zinayi. Filimu yoyamba. Ndinakutenga pokapereka chakudya kudambo, ndimati ukaone bambo ako akugwira ntchito. Tangofika m'mphepete, iwe uli patsogolo ndi kabotolo ka madzi, chinthu chija n'kuvuuka m'namasupuni pamaso pako penipeni. Chovala choyambacho chinali chabwino, mwana wanga. Chinalibe pokayikitsa. Sunalire. Unangoima, mkodzo ukutsika m'miyendo. Kuyambira pamenepo, kukamwa gwa. Masiku asanu ndi anayi osatulutsa liwu. Tinapita nawe kwa amonke, anakumanga ulusi pamkono, anakuwaza madzi. Bambo ako akakuyandikira unkabisala kuseri kwa mtsuko."

Kunja nkhuku inkapalasa pansi pa makwerero.

"Tsiku lachisanu ndi chinayi anavala chovalacho masanasana, pabwalo apa. Ndinati mwapenga, mumupha mwanayu. Anadula chophimbira, anamanga kachingwe kofiira pa zipi, n'kugwada m'fumbi atakufulatira. Ati, 'Koka.' Anagwada pamenepo dzuwa likuswa mtengo, thukuta likutuluka m'miyendo ya chovala. Ine ndimati akomoka. Kenako iwe unatuluka kuseri kwa mtsuko, sitepe imodzi, ina. Unakoka. Unapeza msana wa bambo ako, ndi chipsera chawo chija cha paphewa."

"Ndiye?"

"Ndiye unati, 'Ababa, mukununkha.'" A Lamai anaseka, ndipo kusekako kunathera m'misozi yomwe anaisunga masiku atatu. "Mawu oyamba. Bambo ako analira ngati mwana, atavala mutu wa chilombo."

Thawat anatola kamzere kamodzi.

"Koma ine ndinachira. Nanga mafilimu ena onsewo?"

"Ndinawafunsa zomwezo. Ndinati mukundichititsa manyazi, anthu aziti Lamai sadziwa kusoka. Ankati, 'Pabwalo paja pamakhala ana a eni ake. Achite mantha, analipirira zomwezo. Koma asanapite kwawo aone kuti mkatimo muli munthu.'"

"Ankadziwa zomwe ankandichita kusukulu?"

"Ankadziwa. Ankaona m'mene unkayendera. Zinkawadya mumtima."

"Bwanji sanandiuze? Mawu amodzi okha, Amayi!"

"Ndinawauza kuti akuuze. Anati, 'Waiwala. Kuiwalako ndiye kuchira kwake. Ndimukumbutse kuti chibwerere?' Anasankha kuti uziwachitira manyazi kusiyana n'kuti uziwaopa."

Thawat anabweza kamzere kaja pamphasa. Anakumbukira maulendo onse omwe bambo ake anamuperekeza kokwerera basi, n'kuima patali pang'ono kuti anzake asawaone. Iye ankayesa kuti ndi mwayi. Chisoni chinamugwira, chosakanikirana ndi manyazi a mtundu wina, omwe analibe khoma lotsamirapo.

Wotchi ya pakhoma inali itadutsa hafu pasiti thu. Thawat anatulutsa foni.

"Kanlaya, masamba ako anayi aja ali kuti?"

"Munawakhwatcha nokha, aphunzitsi."

"Amawerengeka. Bwera nawo, ndiwonjezerapo lachisanu. Upemphenso kwa a Prayun chithunzi cha pachikuto."

"Chiti? Chotulukira m'madzi chija?"

"Ayi. Chotembenuka." Anayang'ana timizere tija pamphasa. "Ndipo wosindikizayo akati ayeretse chithunzi, umuuze kuti akangokhudza zipi, ndimusambitsa m'dambo."

Kumbali inayo Kanlaya anati, "Ndikubwera, achimwene," ndi mawu omwe sankasereula.

Chovala chomaliza chinali m'kachipinda ka pansi pa nyumba, kuseri kwa maukonde, chitapachikidwa pamsomali wa pamtanda. Thawat anali asanalowemo chichokere kusekondale. Mphira unali utauma, diso limodzi litagwa. Chinkaoneka chaching'ono, chomvetsa chisoni, chinthu choti sichingaopseze ngakhale bakha. Anachitembenuza.

Kachingwe kanali pomwepo, kofiira kofwifwa. Anakatambasulira dzanja koma anapeza kuti nsonga yake ili pansi kwambiri, yotsika kudutsa m'chiuno mwake. M'mafilimu anthu ankati ndi mchira, ankati ngakhale kudula chingwe anthu awa sadziwa. Bambo ake ankakayeza, chovala ndi chovala, kuti kafike pomwe dzanja la mwana wa zaka zinayi lingafike.

Thawat anagwada m'fumbi, thalauza lakuda la pamaliro lili chivalire, nakoka.