Manja a Mayi Teretia

A Fryson Gwanda anali munthu wodziwa ntchito yake, ndipo tsoka lawo linali lomwelo. Ku Blantyre anakhala zaka zambiri akukonza makina ojambulira mawu ku nyumba ina youlutsira mawu. Kuno ku Glasgow anali ndi kachipinda kuseri kwa sitolo yodula makiyi ku Shawlands, komwe anthu ankabweretsa matepi akale a maukwati ndi maliro kuti awasamutsire mu kompyuta. Muwafunse musawafunse, ankakuuzani kuti chiyambire sanaonongepo tepi ya munthu. Ankanena zimenezi kutchalitchi, m'basi, mwinanso kwa dokotala wa mano akanakhala kuti kukamwa kunali ndi mpata.

Lachiwiri lina mu Novembala, mvula ya kuno yosadziwa kukata ija ikuwaza, akazi awo a Tupochile analowa m'kachipindamo atanyamula katoni yophwatalala m'jumbo. Iwo ankagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo.

"Bambo a Maxon, tepi iyi ndi ya mayi Teretia, aja ndimawasambitsa ku Gorbals. Akufuna aimve lero lomwe."

Nkhani ya mayi Teretia a Gwanda ankaidziwa, poti a Tupochile ankabwera nayo kunyumba pafupipafupi. Anabadwira ku Banaba, kachilumba kakang'ono pakati pa nyanja ya Pacific. Azungu atapeza kuti nthaka ya kumeneko ndi yopangira feteleza, anaikumba, nakumbanso, mpaka minda ndi midzi inasanduka maenje ndi miyala yosongoka. Nkhondo itatha, anthu ake anawakweza sitima kuwapititsa ku chilumba china chotchedwa Rabi, ku Fiji. Mayi Teretia anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Atakula anakwatiwa ndi makaniko wa sitima wa ku Scotland, nabwera kuno. Mu 1976 anapita kukaona abale ku Rabi, ndipo malemu amuna awo anajambula pa tepi amayi a mayi Teretiawo akutsogolera nyimbo ya gule wa kwawo, gule wovina chokhala pansi, wa manja ndi maso.

Tsono vuto linali ili. Mawu a nyimboyo mayi Teretia anawaiwala, ndipo popanda nyimbo manja awo sankatha kukumbukira gule. Mdzukulu wawo Skye, mayi wa zaka makumi atatu wophika pa sukulu ina ku Easterhouse, anali atapempha tchuthi cha sabata imodzi kuti aphunzire guleyo agogo ake akadali ndi mphamvu. Nyimbo inali pa tepi, gule anali m'manja mwa nkhalambayo, ndipo zinangofunika kuti zikumane.

A Gwanda anatsegula katoni. Inali tepi yakale yokulungidwa pa gudumu, yaikulu ngati mbale. Anainunkhiza, naigunda ndi chala, chalacho n'kumata.

"Iyi siingaimbidwe lero. Yayamwa chinyezi. Mukaiika pa makina chonchi, utoto wosunga mawuwo uzisupuka ikamazungulira. Iyenera kuotchedwa kaye."

"Kuotchedwa? Ndi mbatata?"

"Pa moto wochepa, m'chowumitsira zipatso icho, masiku awiri. Kenako izizire tsiku limodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi a Maxon."

"Nkhonoyo mukaifotokoze nokha kwa eni ake," anatero a Tupochile. "Ine sindikanenako zimenezo."

Mawa lake anapitadi limodzi ku Gorbals. Mayi Teretia anawapeza atakhala pa mpando wa pa windo, atafunda bulangete m'miyendo, tsitsi loyera mbee atalimanga kumbuyo. Anali ochepa thupi koma manja awo anali aatali. Skye anawapatsa tiyi, akulankhula Chingerezi cha ku Glasgow chothamanga chija, chimene a Gwanda mpaka pano amachimva theka.

A Gwanda anafotokoza zonse bwinobwino, chipewa chili pa bondo. Nkhalambayo inamvetsera mpaka anamaliza.

"Mukaiimba lero, ilira nthawi yaitali bwanji?" inafunsa.

"Mwina mphindi zitatu kapena zinayi, mayi, ndipo molira ngati chitseko. Kenako mawuwo apita, osabwereranso."

"Zinayi zikwana. Manjawa akangomva poyambira, kwinako apita okha. Taonani."

Anatambasula manja onse awiri m'mbali, zala zitawongoka, mutu n'kutembenukira kumanja msangamsanga ngati mbalame. Dzanja lamanzere linatsika pang'ono, linanjenjemera, n'kuima m'malere.

"Apa ndi pamene ndimathera. Imbani tepiyo, bambo. Ikafa ife. Mwanayu ajambule manja angawa pa foni yake."

Skye anayang'ana agogo ake, nayang'ananso a Gwanda. Nayenso mtima unali pawiri, poti mawu a pa tepiwo anali a mayi amene iye sanawaonepo. A Gwanda anaona kukayikako ndipo anakugwira msanga.

"Mayi, ndipatseni mpaka Loweruka. Mudzaimva yonse, mphindi khumi ndi imodzi, kangati konse mungafune. Ine chiyambire sindinaonongepo tepi ya munthu."

Mayi Teretia anabweza manja pa bulangete. Sanakwiye ayi.

"Kwathu kunabweranso anthu odziwa ntchito," anatero. "Ankalankhula mwaulemu ngati inu."

Mawu amenewo anawalasa a Gwanda, tisanamizane. Koma munthu wonyada akalasidwa sabwerera m'mbuyo, amangoti muona. Atafika ku kachipinda kawo anaika tepi m'chowumitsira chija, nayatsa, nalemba nthawi pa pepala.

Loweruka masana tepi inali itazizira. Anapukuta makina ndi thonje, naimangirira, nasindikiza batani. Inazungulira mosalala osasiya kachidutswa n'kamodzi komwe. Munamveka mphepo, tambala kutali, kenako manja ambiri kuwomba pamodzi, ndiye mawu a mayi wokalamba anakwera okha, okuluwika, amuna n'kuwalandira pansi. A Gwanda sanamve liwu ngakhale limodzi, koma tsitsi linawaima. Pofika folo koloko nyimbo yonse inali mu kompyuta.

Anaimbira foni akazi awo monyadira.

"Yatheka! Yonse!"

"Ambuye alemekezeke. Nyamulani tizipita, ndikupezani pa siteshoni."

"Lero ayi. Muli kaphokoso ka mphepo kofunika kuchotsa. Komanso faifi koloko tili ndi msonkhano wa akulu a mpingo, mawa ndi mgonero."

"Ndiye itumizeni pa foni ya Skye. N'chovuta n'chiyani pamenepo?"

"Mawu amene ndawavutikira masiku anayi akamveke pa foni ngati udzudzu? Iyayi. Ndikawaimbira ndekha pa sipika zanga."

"Mawa tikaweruka kutchalitchi, ndiye."

"Mawa ndi Sabata, mayi a Maxon. Mkulu wa mpingo azikayenda ndi zipangizo za ntchito m'basi? Lolemba m'mawa."

"Munawauza Loweruka," anatero a Tupochile. "Ine ndimawasambitsa mayi aja, thupi lawo ndikulidziwa. Zengerezu analinda kwawukwawu, a Gwanda."

Akazi awo akawatchula dzina la bambo awo chonchi ndiye kuti zafika poipa, koma iwo anangoseka n'kudula foni. Anthuni, kutumizako kunali kwa mphindi imodzi! Chala chimodzi basi, ndipo nkhani ino sikanakhalapo. Koma a Gwanda ankafuna kudzaona nkhope ya nkhalamba ija pamene idzamve ntchito yawo, idzabweze mawu aja inawalasa nawo.

Lamulungu anavala suti yakuda, nayenda pakati pa mabenchi ndi thireyi ya tizikho, nkhope ili yofatsa ngati munthu wopanda mlandu. Sanadziwe kuti foni ya akazi awo inali kunjenjemera m'chikwama. Atatuluka, anawapeza a Tupochile ataima pansi pa khonde, ambulera ili yosatsegula m'manja.

"Skye wawapeza mayi Teretia atagwa pafupi ndi mpando. Sitiroko. Ali kuchipatala."

"Ali moyo?"

"Ali moyo."

A Gwanda anapuma mwamphamvu, nati Mulungu ndi wabwino. A Tupochile anatsegula ambulera, nayamba kuyenda.

Madokotala anawalola kukaona wodwala Lachitatu. A Gwanda ananyamula kompyuta ndi sipika zawo ziwiri m'chikwama chachikulu, nakwera nazo masitepe poti chikepe chinachedwa. Mayi Teretia anali m'kachipinda kaokha, atawatsamiritsa pa mapilo. Kamwa inali itapotokera mbali imodzi. Maso okha ndi amene anali amoyo, ndipo anawazindikira a Gwanda atangolowa. Manja aatali aja anali pamwamba pa nsalu yoyera, pamene namwino anawasiya.

"Sakulankhula," anatero Skye. "Dzanja lamanja lafa. Lamanzere akuti mwina, koma mpaka pano silinasunthe. Koma akumva. Imbani, amalume. Mwina nyimboyo iwadzutsa."

Amalume! Ndi mmene Skye ankamvera ana a Chimalawi akuwatchula, ndipo dzinalo linawawawa a Gwanda kuposa chitonzo. Analumikiza mawaya. Skye anaima kumiyendo kwa bedi, nalozetsa foni pa manja a agogo ake, nayamba kujambula.

Mphepo ija a Gwanda anali ataichotsa yonse. Tambala analira ngati ali panja pa windo. Manja anawomba, mawu a mayi wokalamba anakwera, ndipo m'chipinda muja munadzaza anthu amene ambiri a iwo anafa kalekale. Maso a mayi Teretia anatseguka kwambiri. Anathamangira kumanja, naima. Anatsika kumanzere, nakwera, nathamangiranso kumanja, ndendende pamene manja a pa tepi ankawomba.

"Akukumbukira," ananong'ona Skye. "Taonani maso! Agogo, manja amatani pamenepa? Ndionetseni pang'ono pokha."

Manja anali duu pa nsalu.

Nyimbo inadutsa paja nkhalambayo inkathera, maso n'kupitirira osaphonya. Gule yense anali atabwerera, anali mmenemo, kuseri kwa maso amenewo, ndipo panalibe khomo loti atulukire. Chapakati pa tepi panamveka mayi wachitsikana akuseka, wina n'kumudzudzula, iye n'kusekanso. A Tupochile anagwira pakamwa. Kuseka kumeneko ankakudziwa, kunali kwa mayi Teretia, ankakumva m'bafa madzi akazizira.

Misozi inatsika mbali imodzi ya nkhope ya mayi Teretia n'kulowa m'khutu. A Tupochile anaipukuta ndi chala. Skye sanatsitse foni. Anajambula manja osasuntha aja mphindi zonse khumi ndi imodzi, mkono ukumuwawa, akuyembekeza chala chimodzi chokha. A Gwanda anaima pakona pafupi ndi sipika zawo, ndipo manyazi amene anawagwira sanawamvepo chibadwire. Anafuna kupepesa, koma kupepesa kwake kukanatani? Lachitatu lapitalo manja amenewa anali m'malere, akungopempha mphindi zinayi.

Nyimbo inatha. Maso a nkhalambayo anachoka kudenga, nafuna a Gwanda pakona paja, nakhala pa iwo. A Gwanda anayang'ana pansi.

Skye anazimitsa foni, nafwenthera, nayesa kumwetulira. Mwana wa eni analibe mawu awiri, ananena zimene zinali mumtima mwake.

"Zikomo, amalume. Ikumveka bwino zedi, ngati ajambula dzulo. Mwagwira ntchito yabwino."

A Gwanda anatsegula chikwama, natulutsa katoni yophwatalala ija, naipereka ndi manja awiri. Skye anaitsegula kuti aone. Tepi inali momwemo, yokulungidwa bwino, yosaonongeka ngakhale pang'ono.