Dzanja Limene Anesi Anagwira

Chimanga chitafika m'chiuno, kapitawo Stafford anabwera kumudzi ndi mawu a bwana wa esiteti: minda yonse ya kutsidya kwa mtsinje ibzalidwa tiyi, ndipo chimanga chitchetchedwa chisanamasule. Anthu a mudziwo anali Alomwe. Makolo awo anathawa Apwitikizi nadzakhala pamalo a mzungu polipira thangata, kumugwirira ntchito kuti asawathamangitse. Minda imeneyo ndiyo inali chakudya chawo.

Anesi anamva uthengawo akusenda chinangwa. Mchimwene wake Bizwick analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chikwanje, nayamba kuchinola pamwala, kapitawo asanapote n'komwe.

Mwamuna wa Anesi, Yesaya, ankagwira ntchito ku nazale ya tiyi, ndipo Lamulungu ankalalika m'kachalichi kaudzu. Ali wachinyamata anaona zimene zinatsatira nkhondo ya ku Chiradzulu, pamene anthu anaukira azungu: midzi ikuyaka, amuna akutengedwa osabweranso. Anakhala pansi pafupi ndi mwalawo.

"Alamu, mukatema mmodzi, iwo abwera ndi mfuti. Ndinaona ndi maso angawa."

"Ndiye tingoyang'ana ana akufa ndi njala?"

"Ayi. Tikakhale m'mundamo. Tonse."

Yesaya ndi Anesi anayenda nyumba ndi nyumba. Ena ankawatsekera chitseko, ena ankamvera akuyang'ana kunjira. Anagwirizana kuti munthu asalankhule yekha ndi kapitawo, ndipo wofunsidwa aziyankha mawu amodzi okha: tabwera kudzalondera chakudya chathu.

Mapemphero akatha, Yesaya ankawatengera kuseri kwa chalichi kukawaphunzitsa. Ankawakhazika m'mizere, manja pamaondo, mapewa ogundana. Mmodzi ankakhala ngati kapitawo, atanyamula phesi, n'kumawatukwana ndi kuwakankha. Poyamba amayi ankangofa ndi phwete. Kenako Yesaya anatenga phesilo yekha, naima pamaso pa Bizwick, namutchula kapolo, mlendo wopanda kwawo. Bizwick anadzambatuka nkhonya ili m'mwamba.

"Mwaona?" anatero Yesaya. "Chimene akufuna n'chimenechi. Khalani pansi, tiyambirenso."

Anabwereza mpaka Bizwick anatha kukhala chete, thukuta lili kamukamu. Kenako Yesaya anatembenukira kwa mkazi wake.

"Anesi, malo anu ndi pambali pa achimwene anuwa. Akafuna kudzuka, muwagwire. Ngakhale omenyedwayo ndikhale ine."

Anesi anaseka. "Inu angakumenyeni ndani?"

Tsiku lotchetcha chimanga linafika kukuchita nkhungu. Anthu anawoloka mtsinje, amayi ana kumsana, nakhala pakati pa mizere ya chimanga. Stafford anafika ndi alonda awiri ndi gulu la anyamata onyamula zikwakwa, alendo ongofika kumene kuchokera kwa Apwitikizi.

"Mukutani muno?"

"Tabwera kudzalondera chakudya chathu," anayankha mayi wina kumbuyo. Stafford anafunsa wina, yankho lomwelo. Analamula anyamata aja kuti ayambe. Iwo anayang'ana amayi okhala patsinde pa chimanga, ena akuyamwitsa, ndipo mmodzi anaika chikwakwa pansi. Anzake anatsatira.

Stafford ankadziwa chimene chikumudikira kwa bwana akabwerera chimanga chili chiimire. Analoza Yesaya. "Ndiwe wayambitsa."

Alonda anamukokera poyera. Chikoti choyamba chinang'amba malaya. Yesaya anagwada, manja pamaondo, monga ankaphunzitsira. Chikoti chitatopa, mlonda wina anatenga chibonga.

Anesi anamva thupi la Bizwick likunyamuka. Anagwira dzanja lake ndi manja onse awiri, nalikanikizira m'dothi.

"Achemwali, ndisiyeni."

"Ayi."

"Akuwapha! Simukuona?"

Ankaona. Anaona chibonga chikutera m'nthiti, anamva mwamuna wake akubuula mwanjira imene sanamumvepo. Zikhadabo zake zinalowa m'khungu la mchimwene wake mpaka magazi. Sanasiye. M'munda monse munalibe amene anadzuka, koma amayi anayamba kulira mokweza atakhala chomwecho, ndipo alonda aja anayang'anana n'kusiya. Anachoka osadula phesi ndi limodzi lomwe.

Anthu a mudziwo anamunyamula Yesaya pamachira a nsungwi. Panjira anafunsa ngati wina anabwezera.

"Palibe," anatero Anesi.

"Ngakhale alamu?"

"Ngakhale iwo."

Anatseka maso, akuoneka wokhutira, ndipo Anesi anamva mkwiyo umene sanadziwe kuti aupereke kwa yani.

Nkhani inamveka mpaka kuboma. Popeza panalibe mlonda amene anakandidwa ngakhale pang'ono, asilikali analibe chifukwa choti abwere kumudziko, ndipo bwana anauzidwa kuti adikire anthu akolole. Kumudzi anthu anavina. Anesi sanapite. Anali m'nyumba akupukuta magazi amene mwamuna wake ankatsokomola. Anamuthowa ndi madzi otentha, anayesa mankhwala a mizu, koma mpweya unkangochepera. Yesaya anamwalira chimanga chikuyamba kuuma, masana, anthu ali kuntchito. Pomwalira panali Anesi yekha.

Pamaliro Bizwick anakumba nawo manda. Atakwirira, anapeza mchemwali wake atatsamira khoma la nyumba.

"Mukanandisiya, bwenzi ali moyo."

"Kapena bwenzi tikuika anthu ambiri lero, inu poyamba."

"Mukudziwa bwanji?"

"Sindikudziwa," anatero Anesi. "Ndimadzifunsa tsiku lililonse. Sindikudziwa, achimwene."

Bizwick anatembenuka. Anachoka akupukuta m'maso ndi mkono.

Anthu anakolola, nkhokwe zinadzaza. Zokolola zitangolowa, minda ija inagaulidwa, ndipo mvula yotsatira munamera timitengo ta tiyi. Anesi anauzidwa kuti nyumba yopanda mwamuna wogwira thangata siingakhale pamalo a esiteti. Anthu omwe anakhala naye m'munda anabwera kudzatsazikana, ena ndi nandolo, ena ndi nkhuku. Mayi wina anamuuza kuti ana ake adya chaka chino chifukwa cha a Yesaya. Anesi anathokoza mwaulemu, koma sanathe kumuyang'ana kumaso.

Ananyamuka m'mawa kulowera ku Thekerani, kumene kunali amayi ake aang'ono. Atakwera chitunda anamva mapazi kumbuyo. Anali Bizwick, mphasa yake paphewa. Anamulanda mtolo umene anasenza nauika pamutu pake.

"Ntchito mwaisiya?" anafunsa Anesi.

"Njira ndi yaitali," anatero Bizwick. "Tiyeni, dzuwa lingatipeze."