Mpando Wodula Miyendo

Mwana wawo wachisamba anali chiimire pakati pa balaza, akuloza uku ndi uku ngati wapolisi wapamsewu, pamene mayi anazindikira kuti nawonso awerengedwa pamodzi ndi makatoni.

"Kabatiyi tigulitsa," anauza mkazi wake. "Amayi azikagona kuchipinda cha ana kwathu."

Mayiwo anali pomwepo pasofa, koma chimwalirire amuna awo, anthu ankangokambirana za iwo ngati palibe. Maliro a Akomishinala anali aakulu: apolisi mizeremizere, malipenga, mawu okoma. Anthu atabalalika, nyumba inangoti zii. Ankasungulumwa, inde, koma kunali kusungulumwa kwa m'nyumba mwawo, momwe ankadziwa msomali uliwonse. Sankafuna kuchoka. Wowafunsa ndiye panalibe.

Panja panaima galimoto. Analowa sajeni wamkazi, mmodzi mwa ambiri amene malemuwo anawaphunzitsa ntchito, atanyamula mpando wathabwa.

"Pepani amayi, timalongedza mu ofesi ya abwana. Uwu tati tisataye."

Mwana uja anauyang'ana. Miyendo yake inali yodulidwa ndi sowo, moti unali waufupi ngati wa mwana wa sukulu ya mkaka.

"Komishinala wathunthu kukhalira ichi? Boma linasowa mipando?"

"Anadula okha, achimwene," anayankha sajeni. "Munthu akabwera kudzadandaula, ankachoka kutebulo n'kukokera uwu patsogolo pake. Ankati munthu akamakuyang'ana chokweza khosi amangonena theka la nkhani, theka lina amabwerera nalo. Ine anandipezerera ndikufunsa mayi wina nditaimirira. Tsiku limenelo ndinagwirira ntchito pampandowu mpaka kuweruka."

Anaseka pang'ono, kenako anapukuta m'maso natsanzika.

Mayi sanadabwe. Zaka zonse za ukwati wawo, bamboyo akafuna kumva zakukhosi ankakhala pansi penipeni, msana atatsamira sofa, yunifomu ili m'thupi. Mayi ankawaseka kuti mathalauza a anzawo amathera m'mawondo koma awo amathera kumbuyo. Tsopano wokhala pansi uja anali atapita, kwatsala oimirira okhaokha, ndipo zimenezi zinawapweteka kuposa bedi lopanda munthu.

Mpongozi wawo anafunsa ngati mpandowo ukwere nawo mu lole ya katundu. Mwamuna wake anali chiimire, chingwe chomangira makatoni chili m'manja. Kenako anachiponya patebulo, nakokera mpando uja patsogolo pa mayi ake. Anali wamtali ngati bambo ake, moti atakhala, mawondo anamufika pachifuwa. Kuti awaone kumaso anachita kukweza mutu.

"Amayi," anatero, mawu atatsika. "Inuyo mukufuna chiyani?"

Mayi anamuyang'ana kumaso.

"Yamba wamasula katoni ya makapu," anatero. "Nkhaniyi ndi yaitali."