Botolo Lachisanu la Petulo

Benard anali atagawa kale majekete awiri ndi nsapato za kumgodi pamene dzanja lake linagunda kabokosi pansi m'kati mwa thiranki. Linali tsiku lachitatu chiikireni mng'ono wake Petulo m'manda, tsiku logawa zovala za malemu, ndipo abale anadzaza pakhonde la nyumba ya malemuyo m'dera la Aerodrome. M'kabokosimo munali mabotolo asanu a ufa woyera, olembedwa A mpaka E. Pachivundikiro panali mawu a zilembo zikuluzikulu: OSALAWA.

Anawandandalika pansi, n'kuyang'ana Fainess, mkazi wa malemuyo.

"Alamu, tiuzeni. Izi n'chiyani?"

"Sindikuzidziwa, alamu. Thirankiyo sindinkaitsegula."

Dokotala anati Petulo anafa ndi matenda a shuga, koma Benard anali wa anthu aja amene amati munthu safa chabe. Fainess, wobadwira kumudzi wa Masembura kumene salankhula Chichewa, anakhala m'banjamo zaka makumi awiri, n'kuphunzira Chichewa mpaka kumalota nacho, komabe kwa Benard anali "mkazi wa ku Masembura uja".

"Mng'ono wanga anaonda ngati bango," anatero Benard. "Tiyi munkamupatsa wowawa, zonona munkamumana. Lero tapeza ufa wobisa. Ngati si poizoni, lawani ife tikuona. Mukakana, mangani katundu mubwerere kwanu ku Masembura. Nyumba ino ndi ya ife a Chikaipa."

Pamaliro anthu amadziwa kuyang'ana pansi. Fainess anatambasula dzanja kuti atenge botolo loyamba. Mantha analipo, koma manyazi anaposa.

"Mhamha, musadaro!"

Amene anamuletsa chonchi m'chilankhulo cha ku Masembura anali Ruvarashe, mwana wake wa Fomu 4, amene Chichewa amamva chonse koma chimamutuluka chothyokathyoka.

"Bamkuru, izi ndi zanga," anauza Benard, bambo ake aakuluwo. "Ndi za mpikisano wa sayansi. Amatipatsa ufa wopanda dzina, ife tipeze kuti n'chiyani. Adadi ankandikonzera ndikabwera ku holide. Lamulo loyamba, osalawa."

Fainess anakumbukira kuti awiriwo ankadzitsekera kuseri kwa nyumba Loweruka, iye ali kumsika. Petulo anagwira ntchito zaka makumi atatu m'labu ya mgodi, kupera miyala ndi kutsuka mabotolo a anthu ophunzira, iye mwini atalekezera sukulu ku pulayimale, Giredi 7. Zimene anaba ndi maso kumeneko ankazithira mwa mwana wake.

"Mwana salephera kuikira kumbuyo mayi ake," anatero Benard. "Tionetse."

Ruvarashe anabweretsa viniga, ayodini wa pabala, madzi, supuni ndi kandulo. Anagwada pakati pa anthuwo. Pa ufa wa A anadontheza viniga, ndipo unachita thovu.

"Soda. Yemweyu wa therere."

Wa B unada bii utakhudzana ndi ayodini. "Ufa wa chimanga." Wa C sunasungunuke m'madzi, unangowayeretsa n'kudikha pansi. "Choko." Wa D unasungunuka, koma pamoto unangothetheka osasintha mtundu. "Mchere."

Mayi wina anaseka, n'kudzitseka pakamwa ndi nsalu. Benard sanaseke. Anali atanyamula botolo lachisanu, akuliunika ku dzuwa. Enawo anali odzaza mpaka m'khosi, koma ili munangotsala pang'ono pansi.

"Ili ndiye lagwira ntchito," anatero, mawu ali pansipansi. "Ufa wake unapita m'mimba mwa yani?"

Ruvarashe anakwinya nkhope. "Holide yatha linali lodzaza."

Fainess anayang'ana mwana wake. Mwanayo akanatha kunama, koma anatengera bambo ake, amene ankati pa zoyeza palibe chibale. Msungwanayo anatapa pang'ono, n'kuika supuni pamwamba pa kandulo. Ufawo unasungunuka, unafiira, kenako unayamba kuwira. Fungo linafika kwa aliyense iye asanatsegule pakamwa.

"Shuga," anatero.

Zaka zitatu shuga sanalowe m'nyumba muja. Fainess ndiye anamuletsa, tsiku lomwe Petulo anabwera kuchokera kuchipatala, ndipo nayenso ankamwa tiyi wowawa kuti mwamuna wake asasirire. Anakoka kabokosi kaja. Pakona, pansi pa pepala, panali kasupuni kake ka tiyi kamene anakafunafuna kuyambira pa Isitala, mpaka anakangana ndi mnansi. Apa m'pamene anamvetsa mawu a Petulo a madzulo aliwonse, kapu ili m'manja: "Ndikamwera kuchipinda, mayi a Ruva, kuno kuli ntchentche."

Anakweza kasupuniko kuti onse akaone. Kunsonga kwake kunali kutamatira shuga wouma.

Benard anakayang'ana nthawi yaitali. "Ameneyu," anatero pomaliza, "ali mwana ankanyambita m'chitini cha amayi, wokwapulidwa n'kukhala ine." Kupepesa sanapepese. Anaika botololo pansi, n'kunyamula thalauza lotsatira, n'kufunsa amene lingamukwane. Za ku Masembura sizinamvekenso.

Anthu atabalalika, dzuwa likadali pamwamba, Ruvarashe anabwezera mabotolo anayi m'kabokosi. Lachisanu analisiya, poona kuti mayi ake aligwira.

Fainess anatereka madzi. Anatsitsa kapu ya Petulo, ija yobenthuka pakamwa, n'kuthiramo tiyi. Anakhuthuliramo shuga yense wotsalayo, akugogoda botolo kuti pasatsale kanthu, n'kutakasa ndi kasupuni kaja. Anakwiya, ndipo anamusowa mwamunayo koopsa.

"Mbala iwe," anatero chapansipansi.

Kenako ananyamula kapuyo, n'kukamwera kuchipinda, chitseko atatseka.